Mwana wakhoza ndi mapointi 14, akufuna zamalamulo: ndigulitse soya?

Nabanda: Moni nonse abale. A Admin mundikhululukire, ndikudziwa kuti gulu lino ndi la zamaliro ndi chitukuko cha kumudzi, koma mutu umodzi susenza denga. Tadala, mwana wa malemu achemwali anga amene ndikulera ine, wakhoza MSCE ndi mapointi 14. Chiyambire mlandu wa chisankho uja tinkamvera pa wailesi mu 2019, mwanayu nyimbo yake ndi imodzi, akuti adzakhala loya. Ndiye dzulo wabwera ndi kapepala ka koleji ina ya mu Lilongwe. Akuti kosi ya paralegal, ati othandiza anthu pa zamalamulo, chaka chimodzi, ukamaliza ukhoza kumaimira anthu kukhoti. Fizi ya teremu yoyamba akuifuna pofika Lachisanu, ati malo atsala ochepa. Ine ndalama ndilibe, koma ndili ndi matumba 18 a soya amene ndimadikira kuti mtengo ukwereko. Ndigulitse? Odziwa zinthu ndithandizeni, ine sukulu ndinalekera Fomu 2.

Chisale: Mapointi 14! Ife a 38 tingokhala phee pakona apa. Mumuuze Tadala kuti amalume ake anyadira.

Admin: Nkhaniyi ndi yachitukuko ndithu mayi, musapepese. Aphungu athu a zamalamulo muli kuti? A Gama, a Thoko, Madala Mbewe, tulukani.

Lonjezo: Azakhali, musagulitse. Ndikubwereza, musagulitse. Ine ndinapsa kale ndi moto womwewo. Bambo anga anagulitsa ng'ombe ziwiri, ine n'kuphunzira zaka ziwiri pa koleji ina imene sindiitchula, yomwe inali pamwamba pa shopu ya matayala. Tinavala mikanjo, zithunzi zilipo mpaka lero pakhoma kunyumba. Nditapita ku intavyu ya ntchito ya boma, mayi wina anangotembenuza satifiketi ija kawiri n'kundifunsa kuti, "Kosi imeneyi inavomerezedwa ndi ndani?" Ndinalibe poyambira. Chikomekome cha mkuyu. Panopa ndikugulitsa mayunitsi ndi dipuloma yanga m'sutikesi.

Nabanda: Ayi Lonjezo usandiopseze mwanawe. Ndiye kuti onsewa ndi akuba?

Lonjezo: Si onse ayi. Koma sukulu yeniyeni sikuthamangitsa munthu ndi "pofika Lachisanu" ngati ikugulitsa tomato woti aola.

Thoko: Mwaswera bwanji amayi Nabanda. Ndimalize kaye ndi kapepalako: mawu oti "ukhoza kumaimira anthu kukhoti" ndi bodza. Kuno kwathu woimira munthu kukhoti ndi loya amene ali ndi digiri ya zamalamulo, analandiridwa pamaso pa Chief Justice, ndipo ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chomwe chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Paralegal salowa m'gulu limenelo, ngakhale dipuloma yake itachokera kusukulu yabwino chotani. Ndiye koleji yoyamba ndi bodza pa pepala loitanira ophunzira, m'kalasimo ikaphunzitsa zoona?

Tsopano njira ya uloya. Ine ndinadzera ku Chanco ku Zomba, imene kuyambira 2021 ikungotchedwa University of Malawi. Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti digiri ya zamalamulo kumeneko sulowa kuchokera ku Fomu 4. Umayamba wasankhidwa kosi ina, kaya Humanities, kaya Social Science, kaya Education. Ukamaliza chaka choyamba ndi magiredi abwino ndiye umapempha malo ku Law, n'kulemba mayeso olowera. Ena amabwera atamaliza kale digiri ina. Ukalowa ndi zaka zinayi. Ndiye Tadala ndi mapointi akewo choyamba n'kulemba mafomu a mayunivesite a boma a ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ndi kuvomereza makosi, osati kuthamangira kosi ya chaka chimodzi. Palinso Catholic University ku Nguludi, ku Chiradzulu, imene imaphunzitsa digiri ya zamalamulo, kungoti poti si ya boma thumba liyenera kukhala lolimbirako.

Nabanda: Ndiye kuti zaka zisanu? Mayo ine. Soya wanga afika?

Thoko: Zisanu amayi, zikayenda bwino. Koma kuli bungwe la ngongole za ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo mwana wamasiye ngati Tadala ndi amene bungwelo linakhazikitsidwira. Muyambiretu kusonkhanitsa makalata a imfa ya makolo ake ndi kalata ya kwa amfumu. Ngongoleyo sakupatsa ukakhala pa sukulu yosavomerezeka, chomwe ndi chifukwa china chokanira kapepala kaja.

Chisale: A Thoko, zaka zinayi zonsezo mumaphunzira chiyani? Si kungoloweza "My Lord" ndi kuvala kachipewa kaubweya kaja?

Thoko: Amalume inu! Chaka choyamba chokha munthu umaonda. Milandu yakale timawerenga mazanamazana. Pali wina wa mu 1932, Donoghue v Stevenson, wa mayi wa ku Scotland amene anapeza nkhono yovunda m'botolo la chakumwa. Kuchokera pa nkhono imeneyo ndi pamene pamayambira lamulo lonse loti ukavulaza mnzako chifukwa cha kusasamala ulipire, ndipo makhoti athu amaligwiritsa ntchito mpaka lero poti malamulo athu ambiri tinatengera kwa Angerezi.

Chisale: Ndiye kuti akuluakulu ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha ankanena za Law!

Gama: Ndafika mochedwa, ndinali kundende, netiweki kulibe. Moni achemwali Nabanda. Zonse anena a Thoko za kapepalako ndikuvomereza. Koma ndikuona ngati pagulu pano paralegal ayamba kuoneka ngati loya wolephera, ndiye mundilole ndiikire kumbuyo ntchito yanga, poti ndagwira zaka 11.

Ndikuuzeni za lero lomwe. Ndinalowa pageti 8 koloko, foni n'kusiya kwa woyang'anira. Anyapala, akaidi oyang'anira anzawo, anatulutsa a rimandi n'kuwakhazika pansi pabwalo, anthu ngati 70, ena maso ali psuu poti agona chokhala pa shamba, pakati pa selo pothithikana, usiku wonse. Sindiwerenga buku ayi. Timachita sewero. Mmodzi amakhala majisitireti, timamuveka bulangete paphewa, wina pulosekyuta, wina woimbidwa mlandu. Ndiye timayeserera kupempha belo: uime bwanji, unene chiyani, utchule kuti umakhala mudzi uti, mfumu yako ndani, achibale oti akusainire ndi ati. Timayeserera kusiyana kwa "ndikuvomera" ndi "ndamva", chifukwa anthu ambiri amamangidwa pamenepo. Wotanthauzira akawerenga mlandu, munthu mwaulemu wa kwathu amati "inde bwana", kutanthauza kuti wamva, koma m'fayilo mukhoza kulowa kuti wavomera. Timaphunzitsanso zonena podandaula chilango chisanaperekedwe, kuti n'koyamba kulakwa, kuti katundu anabwezedwa, kuti kunyumba kuli ana.

Sewero likatha ndimakhala pa benchi ndi kope, mmodzimmodzi. Lamulo lalikulu la dziko, gawo 42, limati munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu atakonzedwa mu 2010 anaikanso malire a masiku osunga munthu mlandu usanayambe, 30 pa milandu ya kwa majisitireti, 90 pa ikuluikulu ngati yakupha. Pa pepala zili bwino. Koma pepala siliyenda lokha, limafuna munthu woti alinyamule. Chaka chatha ndinapeza mnyamata pa ndende ina atakhala miyezi 14 pa nkhani ya mbuzi imodzi. Belo anapatsidwa kalekale, koma kwawo sankadziwa n'komwe kuti ali kuti, ankayesa anapita ku Joni. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, kenako wapansi kuwoloka dambo nsapato zili m'manja, kukapeza amalume ake akupalira fodya. Lachitatu lake anabwera ndi chitupa chawo kudzasaina, mnyamata n'kutuluka. Palibe loya akanayenda ulendo umenewo, ndipo sindikuwanena, si ntchito yawo.

Nabanda: Achimwene mwandiliza. Miyezi 14 chifukwa cha mbuzi!

Gama: Zilipo zambiri achemwali. Ndipo dziwani kuti pa nkhani imeneyi Malawi ndi mphunzitsi wa maiko ena. Ntchito ya ma paralegal m'ndende inayamba mu 2000 mothandizidwa ndi Penal Reform International, kenako mu 2007 inakhala bungwe loima palokha, Paralegal Advisory Service Institute (PASI). Anthu a ku Kenya, Uganda mpaka Bangladesh anatengera njira yomweyi. Mu 2004 nthumwi za maiko a mu Africa zinakumana kwathu konkuno n'kugwirizana chikalata chotchedwa Lilongwe Declaration, chonena kuti thandizo la zamalamulo silingadalire maloya okha. Ndiye si ntchito yamanyazi ayi.

Madala Mbewe: Ana inu mwalankhula bwino. Ine ndi wakale, ndilemba pang'onopang'ono, mdzukulu ndiye akundigwirira foni. Ndinayamba ngati kalaliki wa khoti, kulemba masamoni ndi kusunga mafayilo. Boma linanditumiza ku Mpemba, ku Staff Development Institute, kumene ambiri a ife amajisitireti osakhala maloya tinaphunzira. Ndinapuma ntchito ndili First Grade. Sukulu imeneyo masiku ano anaiphatikiza ndi Malawi Institute of Management ya ku Kanengo, dzina n'kukhala Malawi School of Government. Ku Chanco nakonso kuli dipuloma ya zamalamulo. Ndikunena izi kuti mayi Nabanda adziwe kuti dipuloma yochokera pamalo oyenera si chinthu chachabe. Milandu yambiri ya m'dziko muno, ya kuba, ya ndewu, ya mabanja, ya ngongole, imathera kwa amajisitireti a magiredi, osati kwa majaji a mawigi amene munkawamva pa wailesi aja. Koma mwana wa mapointi 14, wa zaka 18, ine ndingati ayambe wayesa khomo lalikulu. Laling'onoli silithawa.

Thoko: Agogo anena zoona. Anzanga angapo m'kalasi mwathu anali ndi dipuloma kale, ena anali amajisitireti, ndipo pa Criminal Procedure ankatiposa tonse.

Sajeni Kamanga: Ndiponyepo ya kupolisi. Anthu akamva "chilungamo" amangoganiza loya, koma amene amayendetsa milandu yambiri kwa majisitireti ndife apolisi, mapulosekyuta. Kulinso Victim Support Unit, kuli a social welfare amene amaona za ana olakwira malamulo, kuli ofufuza a kwa Ombudsman, a Human Rights Commission, a ACB. Ku Mzuni kuli digiri ya Security Studies, anzathu ambiri a yunifolomu adzera kumeneko. Tadala asaone ngati akaphonya Law ndiye kuti dziko latha.

Chisale: A Sajeni, poti mwabwera nokha, belo ya kupolisi ndi yaulere kapena ayi? Ndikufunsira mnzanga.

Sajeni Kamanga: Ndi yaulere, ndipo zinalembedwa pakhoma. Mnzanuyo akauzidwa zina apemphe kuonana ndi Officer in Charge.

Gama: A Sajeni mwandiputa dala. Taonani khoti la kumudzi mmene limakhalira. Woweruza si loya, ali ndi dipuloma. Woimira boma si loya, ndi wapolisi. Ine ndakhala kumbuyo, dipuloma yanga ndi yofanana ndi ya woweruzayo, mwina tinali kalasi imodzi. Koma woimbidwa mlandu, amene sanafike ndi Sitandade 5 yomwe, aime yekha, ine ndisatsegule pakamwa. Ndikamuona akudzimangirira chingwe ndi mawu ake omwe ndimangoluma mano. Mu 2021 a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, anapempha aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti akonze lamulo, ma paralegal awo aziloledwa kuyankhula m'makhoti a majisitireti pa milandu ing'onoing'ono. A Malawi Law Society, bungwe la maloya, anakana kwamtuwagalu. A Thoko, ndinu mwana wathu, tatiuzani, munkaopa chiyani? Maloya ali mumzinda, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba. Ndani wa inu adzatsegule ofesi ku Nambuma?

Thoko: Amalume Gama, ndinadziwa kuti tifika pamenepa. Sindiyankhulira Law Society, ndinena maganizo anga. Inuyo ndikukudziwani, nditamangidwa ndingakonde mutakhala pambali panga. Koma lamulo silingalembedwe kuti "a Gama okha". Likatsegula khomo alowa onse, kuphatikizapo a kapepala ka amayi Nabanda aja, ndi madobadoba amene amazungulira kale pa makhoti atavala jekete n'kumadyera anthu ndalama. Ine ndikaba ndalama za kasitomala kuli komiti yondilanga, chiphaso chikhoza kulandidwa, dzina kufufutidwa. Paralegal akasokoneza mlandu wa munthu, akamudandaulire kuti? Ndani amayesa kuti wadziwa zokwanira? Tiyambe takonza zimenezo. China, mtima wanga sumvana ndi zoti wolemera akhale ndi loya, wosauka apatsidwe wapakatikati, boma n'kusamba m'manja kuti lathana nazo, osalembanso maloya okwanira ku Legal Aid.

Gama: Panopa wosaukayo alibe ndi wapakatikati yemwe. Mukumukaniza phala poti mukumufunira nsima, nsimayo osabwera.

Madala Mbewe: Nonse muli ndi mfundo, koma ndikukumbutseni kumene mantha a maloya amachokera, poti ine ndinaona ndi maso. Nthawi ya Kamuzu, kuyambira 1969, makhoti a makolo anapatsidwa mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu, mpaka yakupha, kenako ndi youkira boma, ndipo loya sankaloledwa kuimira munthu mmenemo. A Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa, maloya enieni, mayiwo woyamba mwa akazi m'dziko muno, anaweruzidwa ndi khoti lotero mu 1983 n'kugamulidwa kuti aphedwe. A Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992, mayi Vera anatuluka mu 1993. Ndiye anthu amene anakula ndi mbiri imeneyo akamva zoti "apa loya safunika" khungu limachita tsemwe. Koma a Gama sakupempha zochotsa loya, akupempha kuika munthu pamene palibe aliyense. Ine pa mpando paja ndinkalakalaka wina atamunong'oneza woimbidwa mlandu kuti funsa funso ili. Woweruza sungachite zimenezo mopyola muyezo, uoneka ngati watenga mbali.

Thoko: Agogo, pamenepo ndilibe mawu. Ndingowonjezera kuti pali ntchito zina zoti popanda digiri sizitheka. Mukukumbukira vakabu? Bambo Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa mu 2015 akulawirira m'mamawa kupita ku msika wa Limbe. Mlandu wawo unakafika ku High Court, ndipo mu January 2017 majaji anagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likutsutsana ndi lamulo lalikulu la dziko. Kugwetsa lamulo lobwera ndi atsamunda kumafuna munthu woti wawerenga zigamulo za maiko ambiri n'kuzilumikiza. Ngati Tadala amalota zoterozo, njira ndi digiri basi.

Gama: Ndipo ine ndikupatsani wina. Mlandu wa Kafantayeni mu 2007 unathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha alandire chilango cha imfa popanda kumva mbali yake. Maloya anapambana, tinaomba m'manja. Koma anthu aja anakhalabe m'ndende zaka zina mpaka 2015 pamene milandu yawo inayamba kumvedwanso. Ankayenda m'midzi ndani kukafunsa mafumu ndi achibale, kuti munthuyu anakula bwanji, mutu wake unkayenda bwino, mudzi ungamulandire? Ma paralegal. Oposa 100 anatuluka. Ndiye loya ndi paralegal ali ngati mpini ndi khasu.

Chisale: Khasu ndi ndani pamenepo?

Admin: A Chisale, chonde.

Yamikani ku Joni: Moni kumudzi. Ndiyankhe zimene wina angamuuze Tadala, zoti angolembetsa ku UNISA, yunivesite ya kuno ku South Africa, aziphunzira pa intaneti. Ine ndikuchita zimenezo, masana ndimagwira pa garaja, usiku mabuku. N'zotheka, ali ndi masatifiketi, madipuloma mpaka digiri ya zamalamulo, LLB. Koma dziwani zitatu. MSCE yathu imayamba yakayesedwa kuno kuti ikufanana ndi chiyani, ndipo zimenezo ndi ndalama ndi nthawi. Fizi ndi ya ma rand, ndiye ndi mmene kwacha ikuchitiramu soya sangalimbe. Chachikulu, malamulo a kuno maziko ake ndi Roman-Dutch, kwathu ndi a Chingerezi, ndiye za malo, za chuma cha masiye, za mapangano zimasiyana. Ndipo ngakhale ndimalize, kuno sangandilandire ngati loya chifukwa lamulo lawo limafuna nzika kapena wa chilolezo chokhazikika. Anzathu a ku Lesotho ndi Zimbabwe anakadandaula mpaka ku Constitutional Court mu 2022, anagonja. Ineyo ndinadziwa zimenezi ndili kale chaka chachiwiri, ndinakhala pansi osadya tsiku lonse.

Thoko: Pepani achimwene. Mukabwera kumudzi ndi digiri yakunja, njira ndi ya ku MILE, Malawi Institute of Legal Education, kukaphunzira kagwiridwe ka ntchito ndi malamulo a kuno n'kulemba mayeso. Musanawononge ndalama zina lemberani a Council of Legal Education muwafunse za digiri yanuyo, akuyankheni pa kalata.

Esnart ku Chipata: Muli bwanji a kwathu. Kuno ku Zambia zimene akulira a Gama zinayambako kuyenda. Lamulo la Legal Aid la 2021 linawazindikira ma paralegal, ndipo maphunziro awo ali m'magawo atatu pansi pa TEVETA, kuyambira wa kumudzi mpaka wa dipuloma. Amakhala ndi madesiki pa polisi, pa khoti ndi kundende. Mng'ono wanga ali pa desiki lotero. Koma uloya nakuno ndi phiri, ukamaliza digiri pali ZIALE, sukulu yokonzekeretsa maloya, mayeso ake anthu amabwereza mpaka imvi.

Gama: Mwamva a Thoko? Chipata ndi pamphuno pomwepa.

Thoko: Ndamva amalume. Ndipo taonani kuti iwo anayamba ndi kukonza maphunziro ndi kaundula. Ndi zomwe ndimanena ine.

Nabanda: Abale, mwiniwake ali pompano akuwerenga nane, wandilanda foni.

Nabanda: Moni agogo, amalume ndi azakhali nonse, ndine Tadala. Zikomo kwambiri. Amayi aang'ono anena za wailesi, n'zoona, koma chenicheni ndi china. Adadi atamwalira ndinali Sitandade 5. Tisanachotse ndi masamba a pamsewu omwe, abale awo anabwera ndi ngolo. Anatenga njinga, mashini osokera a amayi, mbuzi, mpaka anakwera padenga kuzula malata 24 amene adadi anakhoma chaka chomwecho. Ine ndinaima pa mtondo n'kumawerenga malatawo akutsitsa. Amayi anangokhala pakhonde chitenje kumutu, osanena kanthu, poti ankati ndi mwambo. Ndili Fomu 3 ndi pamene ndinamva m'kalasi kuti zimene zija ndi mlandu. Ndiye funso langa ndi lakuti, amene akanathandiza amayi tsiku lija ndi loya kapena paralegal? Ameneyo ndi amene ndikufuna kukhala.

Gama: Mwanangu, ndayamba ndapukuta magalasi. Kunena zoona, tsiku limenelo akanafika ndi paralegal, kapena wa Victim Support, kapena wa CCJP, bungwe la Akatolika loona za chilungamo ndi mtendere, wa pa parishi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu amangidwe nawo. Nkhani zotero ndathetsapo zambiri pansi pa mtengo, mfumu ilipo, ankhoswe alipo, ine n'kungowerenga gawo la lamulolo m'Chichewa. Malata amabwerera pa ngolo yomweyo.

Koma usasankhe ndi misozi. Ndikuuze mbali imene sitinena pa misonkhano. Ntchito zambiri za ma paralegal zili m'mabungwe odalira thandizo lakunja. Pulojekiti ikatha, kontrakiti yatha. Ine ndakhalapo miyezi 7 pakhomo, akazi anga akundidyetsa ndi geni ya mandasi. Za boma, ku Legal Aid Bureau kapena ku makhoti, n'zokhazikika koma malo amatuluka mwa apo ndi apo. Ndipo pali denga loti sungalipyole: ukafika pa khomo la khoti umapereka fayilo kwa wina, ngakhale mlanduwo ukuudziwa kuposa iye. Ukanakhala ndi mapointi 30 ndikanati bwera kuno mawa. Ndi 14, pita ukatenge digiri, ukabwere udzakhale loya amene ndingamuimbire foni ndili kundende n'kuyankha. Oterowo ndi amene akusowa.

Thoko: Tadala mng'ono wanga, ukalowa ku Zomba ukapeza makiliniki a zamalamulo, kumene ophunzira amathandiza anthu enieni moyang'aniridwa ndi aphunzitsi. Ndipo Legal Aid Bureau, imene inayamba kugwira ntchito mu 2015, imalemba maloya oti aziimira anthu onga amayi ako. Malipiro ake si a ma Prado, ndisakunamize, ndipo mafayilo ndi mulu. Posankha makosi pa fomu ya NCHE unditumizire uthenga kumbali tikhale pansi. Sankha kosi yoti ukalephera kulowa Law uikondebe, chifukwa opempha ndi ambiri kuposa malo. Chingerezi unapeza bwanji?

Nabanda: Ndinapeza 2 azakhali. Ndi Tadala yemwe.

Thoko: Basi, uli bwino. Yamba kuwerenga nyuzi tsiku lililonse, ngakhale yokulungira zitumbuwa.

Lonjezo: Azakhali Nabanda, mawa muwaimbire a koleji aja. Musakangane nawo, mungofunsa kuti kosiyi, osati sukulu yokha koma kosi yeniyeniyo, ili pa mndandanda wa NCHE? Mufunsenso mayina a malo atatu kumene ophunzira awo akale akugwira ntchito. Mudzatiuze.

Nabanda: Mwadzuka bwanji abale. Ndaimba m'mawa uno monga ananenera Lonjezo. Poyamba mtsikana wake anali wokoma pakamwa, "mayi, mayi". Nditafunsa za NCHE akuti dikirani ndikupatseni abwana. Abwanawo akuti mapepala "ali mu process", atuluka mwana asanamalize. Ndati nanga oimira anthu kukhoti amene munawaphunzitsa ali khoti liti, ndikawaone? Akuti mayi mukufunsa zambiri, ngati simukufuna malo tipatsa ena. Ndati apatseni.

Lonjezo: "Mu process"! Mawu omwewo anatiuza ife. Mpaka lero ikadali m'njira.

Chisale: Soya wapulumuka. A Nabanda, poti simugulitsanso, thumba limodzi silingasochere kubwera kuno?

Nabanda: Inu a Chisale mukalime wanu. Ameneyu ndi wa thiransipoti ya ku Zomba, Mulungu akalola.

Madala Mbewe: Mdzukulu wanga Tadala, pamene ukudikira masankhidwe usangokhala pakhomo. Khoti ndi la aliyense, salipiritsa pakhomo, kupatula milandu ya ana ndi ina imene woweruza watseka chitseko. Pita pa khoti la majisitireti la pafupi nanu, ukakhale benchi yakumbuyo masiku angapo ndi kope. Ukalembe amene wayankhula, amene wangoti "inde bwana", ndi amene watuluka osamvetsa chimene chamuchitikira. Ena amapita kamodzi n'kuzindikira kuti mtima wawo sungapirire, ndipo ndi bwino kudziwiratu usanadye zaka zisanu.

Gama: Ndili ndi mnzanga wa ntchito amene amayendera makhoti a chigawo chanucho Lachiwiri lililonse. Ndamuuza kale, wavomera kuti apite naye. Achemwali ndikutumizirani nambala yake kumbali, osati pagulu.

Nabanda: Zikomo amalume. Ndivale chiyani? Ndi Tadala.

Madala Mbewe: Siketi yaitali ndi bulauzi ya manja, nsapato zotseka ngati zilipo. Foni uzimitse usanalowe, osati kungoichepetsa mawu. Woweruza akamalowa uimirire, ndipo potuluka pakati pa mlandu uweramitse mutu pakhomo. Udyeretu kunyumba, amati 9 koloko koma galimoto ya akaidi ikachedwa mukhoza kuyamba 11.